Boma Lisabisale Kuseri kwa Kompyuta

Achinyamata anzathu, sabata ino tikufuna tilingalire pamodzi mawu amene ayamba kumveka kawirikawiri m'maofesi a boma m'maiko ambiri, mawu akuti "kompyuta ndiyo yatero." Munthu akafunsa chifukwa chimene dzina lake lasowera pa mndandanda wa olandira thandizo, kapena chifukwa chimene akumulondalonda ndi ngongole imene iye sakuidziwa, wogwira ntchito pa kauntala amangoloza makina n'kunena kuti iye alibe chochita. Ife tikuwakana mawu amenewa. Kompyuta sidasankhidwepo ndi anthu pa chisankho, sidalumbirepo kuti idzasunga malamulo a dziko, ndipo singaimitsidwe pabwalo la milandu kuti iyankhe mafunso. Boma likafuna kuigwiritsa ntchito pogamula za miyoyo ya anthu, liyenera kuulula mmene makinawo akuwerengera, litchule munthu amene adzayankhe zinthu zikalakwika, ndipo limutsekulire wolakwiridwayo khomo lokadandaulira.

Tiyambe ndi kumvetsetsa chinthu chimene tikukambachi. Akatswiri amachitcha algorithm, ndipo dzinali lisatiopseze ayi. Ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalembera kompyuta, wonena kuti tenga nambala iyi, uigawe ndi iyi, ikaposa apa uchite chakuti. Palinso makina a masiku ano otchedwa AI, amene salembedwa malangizo onse mmodzimmodzi, koma amadzipezera okha njira yogamulira atapatsidwa zitsanzo zambirimbiri za zimene zidachitika kale. Mitundu iwiri yonseyi ili ndi mwini wake. Pali munthu amene adasankha nambala zoti zilowemo, pali amene adavomereza kuti igulidwe ndi ndalama za misonkho, ndipo pali amene adasaina kuti iyambe kugwira ntchito pa anthu. Anthu amenewa ali ndi maina, ali ndi maudindo, ndipo amalandira malipiro pakutha pa mwezi.

Kuti tione zimene zimachitika anthu otere akabisala, tiyeni tipite ku Australia, dziko lolemera, lokhala ndi makhoti amphamvu ndi nyuzipepala zaufulu. Kumeneko kuli nthambi ya boma yotchedwa Centrelink imene imapereka ndalama zothandizira anthu osowa ntchito, ophunzira, olumala ndi makolo olera ana okha. Lamulo limati thandizolo liwerengedwe molingana ndi zimene munthu wapeza pa masabata awiri aliwonse. Mu 2015 boma lidayamba ndondomeko yofufuza anthu amene ankaganiziridwa kuti adalandira zopitirira muyeso, ndipo mu 2016 ntchitoyi idasiyidwa kwambiri m'manja mwa makina. Anthu adaipatsa dzina loti Robodebt. Milandu yofufuzidwa, imene kale inkakhala pafupifupi 20,000 pa chaka, idafika pa 20,000 pa sabata imodzi.

Kawerengedwe kake kadali kotere. Makinawo ankatenga ndalama zonse zimene munthu adapeza pa chaka kuchokera m'mabuku a ofesi ya misonkho, n'kuzigawa mofanana m'zigawo 26 za masabata awiriawiri. Tiyerekeze kuti mnyamata wina adagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi n'kupeza madola 26,000, kenaka ntchito idamuthera, ndipo miyezi yotsalayo adalandira thandizo la boma monga lamulo limamulolera. Makinawo ankaona ngati mnyamatayu ankapeza madola 1,000 masabata awiri aliwonse chaka chonse, ngakhale m'miyezi imene adalibe ndi khobidi lomwe, motero ankagamula kuti adanamiza boma ndipo abweze. Mwana wa mlimi aliyense angaone bodza limeneli. Zili ngati kutenga ndalama zimene bambo adapeza atagulitsa fodya mu Juni, kuzigawa pa miyezi khumi ndi iwiri, n'kumuuza kuti mu Febuluwale pakhomo pake padalibe njala.

Choipitsitsa chidali chakuti boma lidatembenuza mlandu. Mmalo moti ilo lionetse umboni wa ngongoleyo, lidauza munthu wosaukayo kuti ndiye abweretse umboni woti alibe ngongole. Ankafunika kufunafuna mapepala a malipiro a zaka zingapo zapitazo, kwa mabwana amene ena mwa iwo adatseka kale mabizinesi awo. Makalata ena ankapita ku nyumba zimene eni ake adasamukako kalekale, ndipo munthu akapanda kuyankha, ngongole inkakhazikika, nthawi zina ndi chindapusa pamwamba pake. Ena adayamba kudziwa za nkhaniyi pamene makampani otolera ngongole adawaimbira foni. Kumapeto kwa 2016 nduna yoyang'anira nthambiyi, Alan Tudge, idaonekera pa wailesi ya kanema kuchenjeza anthu kuti adzapezedwa, adzabweza, ndipo mwina adzalowa m'ndende. Anthu ambiri adalipira chifukwa cha mantha, poganiza kuti boma ndi makina ake sizingalakwitse masamu. Patapita zaka, amayi ena adaima pamaso pa ofufuza n'kufotokoza za ana awo amene adadzipha atalandira makalata a ngongolezi.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi cholakwika chooneka chotere chidakhala bwanji zaka zinayi? Yankho lake ndi chinsinsi. Mu 2014, ndondomekoyi isanayambe n'komwe, maloya a mu unduna woona za chisamaliro cha anthu adalangiza kuti kugawa ndalama mwanjira imeneyi sikugwirizana ndi lamulo. Langizolo silidatuluke poyera, ndipo nkhani idapita ku nduna za boma ngati kuti palibe lamulo lofunika kusintha. Mu 2017, mmodzi wa oweruza pa bwalo lomva madandaulo a anthu otsutsana ndi zigamulo za boma, Terry Carney, adagamula kangapo kuti ngongole zoterezi n'zosaloledwa. Boma silidachite apilo. Wina angaganize kuti kumeneko kudali kuvomereza kulakwa, koma ayi ndithu. Zigamulo za pa bwalo loyambalo sizinkasindikizidwa, pamene apilo ikadaitulutsira nkhaniyo pa mbalambanda. Choncho munthu mmodzi wodandaulayo ankakhululukidwa mwakachetechete, makina n'kumapitiriza kutumiza makalata kwa anthu ena zikwizikwi.

Koma akuluakulu adati mlandu suwola. Anthu wamba adayamba kusonkhanitsa nkhani zawo pa intaneti, maloya othandiza osauka adatengera nkhani ku khoti lalikulu, ndipo mu Novembala 2019 boma lidavomera kuti kawerengedweko kadali kosaloledwa n'kukasiya. Mu Meyi 2020 lidalengeza kuti libweza madola 721 miliyoni a ku Australia pa ngongole 470,000 zimene lidalemba molakwika. Mu Juni 2021 woweruza Bernard Murphy adavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa gulu la okhudzidwa, wa ndalama zokwana pafupifupi madola 1.8 biliyoni tikaphatikiza zobwezedwa ndi ngongole zofafanizidwa, ndipo adati nkhaniyi idali yochititsa manyazi. Pa 7 Julayi 2023 komishoni yofufuza imene ankaitsogolera Catherine Holmes idatulutsa lipoti lake, lonena kuti ndondomekoyi idali yankhanza, yopanda chilungamo ndiponso yosemphana ndi lamulo. Mwa zina, komishoniyo idapempha kuti nthambi za boma ziziuza anthu m'mawu osavuta pamene makina akugwiritsidwa ntchito pogamula, kuti malamulo oyendetsera makinawo azionetsedwa kwa akatswiri oima paokha, ndi kuti pakhale bungwe lowayang'anira.

Onani bwino, abale ndi alongo, kuti Robodebt sadali makina anzeru zozama ayi. Kudali kugawa nambala imodzi ndi 26, samu imene mwana wa ku pulayimale angaichite pa bolodi. Ngati samu yophweka chotere idasautsa anthu mazana a zikwi chifukwa choti idabisidwa, nanga kudzakhala bwanji pamene maboma adzadalira makina a AI, amene ngakhale owapanga amavutika kufotokoza chifukwa chimene afikira pa yankho lakutilakuti? Makina akamavuta kuwamvetsa, udindo wa boma wofotokoza umakula. Nduna kapena mkulu wa nthambi amene sangathe kufotokoza mmene chida chake chikugamulira sayenera kuchigwiritsa ntchito pa chakudya, pa sukulu kapena pa ufulu wa munthu.

Wina asaganize kuti ili ndi tsoka la dziko limodzi lokha. Ku Netherlands, ofesi ya misonkho idaneneza makolo zikwi zambiri kuti adaba ndalama zothandizira kulera ana, n'kuwalamula kubweza ndalama zochuluka zimene zidagwetsa mabanja ambiri mu umphawi. Mwa zinthu zimene makina osankha anthu okayikitsa ankayang'ana mudali mtundu wa unzika wa munthu, kotero kuti mabanja ochokera kunja ndiwo ankagwidwa kwambiri. Mu Januwale 2021 nduna zonse za boma la Mark Rutte zidatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyi. Ku England nako, mu Ogasiti 2020, mayeso atalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, algorithm idatsitsa pafupifupi magiredi anayi mwa khumi aliwonse amene aphunzitsi adapereka kwa ophunzira omaliza sekondale, ndipo ana anzeru a m'sukulu za m'madera osauka ndiwo ena mwa amene adapwetekeka. Ophunzira atachita zionetsero, boma lidabweza ganizolo patangopita masiku ochepa, koma nduna yaikulu, Boris Johnson, pambuyo pake idaloza chala algorithm yomweyo ngati kuti idadzilemba yokha.

Tikudziwa zimene otsutsana nafe amanena, ndipo sitikuzipeputsa. Choyamba amati makina salandira ziphuphu, sadziwa mbale, satopa, ndipo amathandiza anthu ambiri pa nthawi yochepa. Izi zili ndi choona chake. Aliyense amene adaimapo pa mzere tsiku lonse kudikira kalaliki wopita ku nkhomaliro osabwerera amadziwa ubwino wa makina ofulumira, ndipo ife sitikuti boma libwerere ku mafayilo odyedwa ndi chiswe. Koma makina amachita zimene auzidwa ndi amene ali ndi makiyi ake. Ife a ku Malawi tidaphunzira zimenezi mowawa mu 2013, pamene ndalama za boma mabiliyoni zidatuluka kudzera mu makina oyendetsera chuma a IFMIS kupita ku makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, zolembedwa zake n'kufufutidwa. Kompyuta sidalandire chiphuphu, komanso sidakuwe kuti kuno kwalowa akuba. Ndiponso kalaliki akalakwitsa amalakwira anthu a pa mzere wake, pamene algorithm yolakwika imalakwira dziko lonse tsiku limodzi.

Chachiwiri amati boma likaulula mmene makina akuwerengera, anthu achinyengo adzadziwa pothawira. Koma lamulo lililonse la dziko limalembedwa poyera, ndipo palibe amene adanenapo kuti tibise lamulo la misonkho poopa ozemba msonkho. Munthu sangamvere lamulo limene sakulidziwa, ndipo sangatsutse chigamulo chimene sadauzidwe maziko ake. Ngati pali tinthu tina tochepa tofunikadi kusungidwa kuti mbava zisapezerepo mwayi, tionetsedwe kwa oweruza, kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi kwa wofufuza mabuku a boma, amene angatiunike mmalo mwa tonse. Ku Australia chinsinsi chidateteza akuluakulu amene adauzidwa kale kuti akuswa lamulo, ndipo amene adalipira mtengo wake ndi anthu osalakwa.

Chachitatu amati makinawo ndi a kampani imene idawapanga, ndipo kampaniyo singalole kuti nzeru zake zionedwe ndi opikisana nayo. Apa yankho lathu ndi lachidule. Kampani imene ikufuna kugulitsa chida chogamulira anthu kwa boma, n'kulipidwa ndi misonkho ya anthu omwewo, ivomere kuti chidacho chiunikidwe. Ikakana, ikagulitse kwina. Boma silingapereke kwa wamalonda mphamvu imene lidabwereka kwa anthu, kenaka n'kumauza anthuwo kuti mgwirizano wake ndi wamalondayo sukulola kuti liwayankhe.

Chachinayi amati anthu wamba sangamvetse zinthu zimenezi. Mawu amenewa ndi achipongwe. Amene adayamba kuzindikira kuti Robodebt ikunama adali anthu omwe ankalandira makalatawo, chifukwa ankadziwa bwino miyezi imene adagwira ntchito ndi imene adakhala pakhomo. Mayi wa kumudzi sangalembe pulogalamu ya kompyuta, koma mukamuuza kuti wachotsedwa pa mndandanda chifukwa kaundula akuonetsa kuti ali ndi ng'ombe zitatu, adzakuuzani pomwepo kuti ng'ombezo zidali za malemu mwamuna wake ndipo achibale adazitenga maliro atangotha. Chimene akusowa ndi kuuzidwa chifukwa, m'chiyankhulo chimene amamva.

Kuchita zinthu poyera n'kotheka, ndipo ena adayamba kale. Mu 2019 boma la Canada lidakhazikitsa lamulo la m'kati mwa boma lofuna kuti nthambi iliyonse iunike kuopsa kwa makina ogamulira isanayambe kuwagwiritsa ntchito, ndi kusindikiza zotsatira za kuunikako. Mu 2020 mizinda ya Amsterdam ndi Helsinki idatsekula kaundula wa pa intaneti momwe nzika iliyonse ingaone makina amene khonsolo ikugwiritsa ntchito ndi cholinga chake. Boma la Netherlands, litapsa ndi nkhani ya makolo ija, lidatsekula kaundula wotere wa dziko lonse mu Disembala 2022. Malemu Papa Francis naye, mu uthenga wake wa tsiku la mtendere pa 1 Januwale 2024, adachenjeza za kusiyira makina zigamulo zokhudza anthu ndipo adapempha maiko kuti apange pangano lomanga onse loyendetsera AI.

Nanga kwathu kuno? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira 2017 Amalawi tili ndi chiphaso cha unzika chosungidwa m'makompyuta, ndipo mu 2020 chiphasochi chidagwiritsidwa ntchito pogula feteleza wotsika mtengo wa AIP. Boma lilinso ndi kaundula wa mabanja wotchedwa UBR, amene amathandiza posankha olandira Mtukula Pakhomo ndi thandizo lina. Olemba kaundulayu amafunsa za nyumba, katundu, ziweto ndi anthu okhala pakhomo, ndipo kompyuta imaphatikiza mayankhowo n'kuika mabanja m'magulu molingana ndi umphawi wawo. Imeneyi ndi algorithm ndithu, ngakhale sitiitchula choncho. Sitikunena kuti ndi yoipa. Mwina imachepetsa kukondera, ndipo pamakhalanso misonkhano ya m'mudzi yotsimikizira maina. Koma tidzifunse: ndi angati mwa ife amene angafotokoze kuti denga la malata limalemera bwanji m'kawerengedweko poyerekeza ndi mbuzi ziwiri? Kodi gogo amene adamangiridwa nyumba ya malata ndi mwana wake amene adamwalira kale, iye n'kutsala ndi adzukulu asanu, makinawo amamuona bwanji? Akasiyidwa, amauzidwa chifukwa? Amadziwa koti apite?

Mafunso amenewa tili ndi ufulu wowafunsa, ndipo ufuluwo udalembedwa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lathu limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu kapena zofuna zake. Gawo 37 limakamba za ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza kuti ufuluwu ugwire ntchito lidayamba kutsatidwa mu Seputembala 2020. Malamulo amenewa sadapatule zigamulo za kompyuta. Mawu akuti "sisitimu yakukanani" si chifukwa cholembedwa chimene gawo 43 likunena.

Choncho zimene tikupempha boma lililonse, lathu lomwe, n'zomveka. Pakhale mndandanda wa poyera wa makina onse amene akugwiritsidwa ntchito pogamula za anthu, wofotokoza zimene amayang'ana ndi kumene amatenga nkhani zake. Pa makina aliwonse patchulidwe ofesala amene akuwayankhira. Munthu akakanidwa thandizo kapena akalipitsidwa, auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chake, ndipo akhale ndi mwayi woti munthu mnzake, wokhala ndi mphamvu yosintha chigamulo, amve dandaulo lake. Boma likamati munthu ali ndi ngongole kapena wachita chinyengo, umboni ubwere ndi bomalo. Ndipo zigamulo za mabwalo omva madandaulo zizisindikizidwa, kuti cholakwika chopezeka pa munthu mmodzi chikonzedwe kwa onse.

Ife achinyamata tili ndi mbali yathu. Ambiri mwa ife ndife amene timawerengera makolo ndi agogo athu mauthenga a pa foni, timawaperekeza ku maofesi, ndipo ena mwa ife mawa lino tidzakhala olemba mapulogalamu amenewa kapena okhala pa kauntala paja. Safunsa adadya phula. Tikaperekeza munthu amene wauzidwa kuti kompyuta yamukana, tifunse mwaulemu kuti chifukwa chake chilembedwe pa pepala, tifunse dzina la ofesi yokadandaulako, ndipo zikakanika tidziwe kuti kuli ofesi ya Ombudsman ndi bungwe loona za ufulu wa anthu. Ndipo tsiku limene mmodzi wa ife adzauzidwe ndi bwana wake kuti alembe kawerengedwe kamene akudziwa kuti kadzapweteka osauka, akumbukire za ku Australia, kumene langizo loona lidalembedwa mu 2014 koma lidakhala m'fayilo pamene makalata a ngongole zabodza ankafika m'makomo mwa anthu mpaka 2019.